Bafuta wa m'sutikesi ya apongozi

Lolemba, 4 Ogasiti 2025

Ntchito yandigwera. Makhadi 90 oitanira anthu ku ukwati wa mlamu wanga Fauzia. Onse akhale atatuluka pofika Lachisanu la pa 15.

Andipatsa ndi apongozi, koma osandiyang'ana. Amauza mwamuna wanga Latifu, ine ndili pomwepo ndikupeta mpunga: "Akazi anuwa akuti amatha zamanjamanja. Tione." Miyezi isanu ndi itatu ndili pakhomo pano. Chisilamu ndinalowa, swala ndikuphunzira, tiyi wawo ndimamudziwa shuga wake. Koma dzina langa silinatulukepo pakamwa pawo. Ndine "a ku Mwadzama" basi. Kodi Iness ndi dzina lolemera bwanji? Makhadiwa akongole mpaka alitchule.

Nzeru ndinaiona pa foni. Kung'amba nsalu timalamba, kudindapo maluwa, kumata m'mphepete mwa khadi.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Zidindo zatheka. Silipasi yakale ya Latifu, lezala watsopano, chala chimodzi chovulala. Zitatu: mwezi ndi nyenyezi, ngala ya mpunga, kausipa. Kausipako ndiye kanandikongolera, mpaka kadiso.

Apongozi angokayang'ana kamodzi. "Tikukwatitsa mwana, sitikugulitsa usipa." Fauzia kuseka mpaka kutsamwa. Chabwino, kausipa kapita m'chitini.

Penti wobiriwira ndi wagolide ndapeza pa boma, mtengo wake ngati ndikupenta nyumba. Kuti nsalu iume gwa ndikuiviika m'kaphala kamadzimadzi ka ufa wa kondowole, kenako kusita. Ameneyu ndi mutu wanga, pa foni panalibe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Apongozi apita ku Dwambazi kukauza abale za ukwati, abwera Lachiwiri. Nyumba yapuma. Inenso.

Vuto nsalu. Yanga yoyera yatulutsa timalamba 14 tokha. Potuluka anati zigamba zili m'thumba kuchipinda kwawo, nditenge zimene ndikufuna. M'thumbamo zitenje zokhazokha, mawangamawanga, chidindo osaoneka n'komwe.

Kuseri kwa thumba sutikesi yabulauni, yosakhoma. Ndinangoti ndisuzumire. Pamwamba penipeni bafuta woyera mbee, wopindidwa bwinobwino, wonunkhira. Wambiri. Kwathu nsalu yotere ndi ya makatani kapena yoyala patebulo pa Khirisimasi. Ndang'ambako mamita awiri okha. Ndidzawauza makhadi akatha, akadzaona kukongola kwake.

Loweruka, 9 Ogasiti

Bafuta ameneyu ndi mfumu. Kung'ambika kowongoka ngati wajambula ndi rula, penti osayenderera. Ndadinda kuyambira m'mawa. Mwezi, ngala, mwezi, ngala, mpaka ndikatsinzina ndikuona mpunga.

Mwera wa lero wopanda ulemu. Waulutsa timalamba pachingwe, tina ndakatola kukhola la mbuzi la a Keti, oyandikana nafe nyumba. Kamodzi kanali kale m'kamwa mwa tonde. Tinalimbana. Wapambana ndi tonde.

Makhadi 76 atha. Azakhali a Fauzia atenga 40 kukagawa kwa Malengachanzi. Amawatembenuza uku ndi uku, ati ngati a m'sitolo ku Lilongwe. Ndavina pang'ono m'khitchini, ndekha.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Latifu wabwera kuchokera kokagulitsa mpunga. Ndinamuyalira makhadi pamkeka kuti andiyamikire. Anatola kalamba kamodzi, kukanunkhiza. Nkhope kusintha. "Nsaluyi mwaitenga kuti?"

Ndi sanda. Nsalu imene apongozi adzawakulungemo akadzamwalira.

Malemu apongozi aamuna, a Bakari, anabwera nazo ziwiri kuchokera ku Makka, zoviikidwa m'madzi opatulika a chitsime cha Zamzam. Imodzi anapita nayo okha kumanda. Inayo ndi iyi. Zaka khumi ndi chimodzi amayi akuisunga, chaka chilichonse kuitulutsa, kuithira zonunkhira, kuipindanso.

Ine ndaidinda ngala za mpunga. Ina ili kwa Malengachanzi. Ina ili m'mimba mwa tonde wa a Keti.

Kwathu ndani amasunga nsalu ya maliro ake ali moyo? Palibe anandiuzapo. Komanso palibe anandituma kutsegula sutikesi. Ndili ndi mantha, ndipo manyazi ndiye osanena.

Lolemba, 11 Ogasiti

Latifu wagula bafuta wina pa boma. Akuti tichotse wotsalayo, tipindemo uyu, tithire zonunkhira, nkhani yatha. "Maso awo ndi ofooka, sangadziwe."

Ndinaupinda. Ndinafika nawo mpaka pakhomo la chipinda. Kenako ndinaganiza za tsiku limenelo, iwo atagona osatha kudzinenera, akukulungidwa m'nsalu ya pa boma, ine ndili pomwepo ndikudziwa. Ndabwerera nawo. Latifu wandikwiyira, akuti ndikufuna kuononga ukwati wa mchemwali wake ndi wanga womwe.

Makhadi 14 otsala ndamaliza ndi timalamba ta nsalu yanga ija. Miyezi ina yapendekeka.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Apongozi abwera. Fumbi m'mapazi, nkhuku iwiri, nkhani za ku Dwambazi mtolo. Fauzia kuthamangira kuwaonetsa makhadi ine ndisanatsegule pakamwa.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kusisita kalamba ndi chala. "A ku Mwadzama, manja muli nawo. Nsalunso mwasankha yabwino."

Mawu amene ndakhala ndikuwadikira chikwatiwire. Andilowa ngati munga. Ndinangoti zikomo, n'kuthawira kukatsuka mbale zoyera kale.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndanena. M'mawa, akusankha mpunga pakhonde. Ndinagwada, bafuta wotsala m'manja, mbali yong'ambikayo pamwamba. Ndinayamba bwino, pakati misozi, mapeto sindikuwakumbuka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga nsalu, kuifutukula, kuyeza ndi mkono kawiri. Kuipinda. Kulowa m'chipinda, kutseka chitseko. Nkhomaliro sanadye. Tiyi ndawaikira pakhomo, wazizira pomwepo.

Fauzia akulira, akuti makhadi ake ndi a maliro. Latifu wapita kunyanja kukaona mabwato omwe si ake. Ine ndayang'ana chikwama changa pamwamba pa kabati kangapo. Ku Mwadzama si kutali.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Dzulo apongozi anatandala m'chipinda tsiku lonse. Lero m'mawa atuluka atavala za kumzikiti, ati makhadi 50 otsala abwere. Ndimati akukatentha. Awerenga, kupatula limodzi, kuliika m'sutikesi. Ena onse apatsa Latifu akagawe anthu akamatuluka ku mapemphero a Juma.

Kwa Fauzia: "Pukuta m'maso. Bambo ako analonjeza kuti sadzasowa pa ukwati wako. Ndi awa ayamba kale kuyenda m'makomo kuitana anthu. Anali osakhazikika ali moyo, ndimati kumeneko asintha?"

Fauzia kuseka ndi mamina omwe. Ine osadziwa ngati ndikuloledwa kuseka.

Kenako anandiitanira kuchipinda. Bafuta ali pabedi, wa ku Makka ndi wa pa boma uja, Latifu anaulula yekha. Ati wotsalayo sakwanira, sanda ya munthu wamkazi ndi zidutswa zisanu, ndiye tiwonjezera wa pa bomayo. Ati mtima unawawa, asandinamize, ndipo uwawabe. Koma munthu wobwera kudzagwada ndi nsalu yong'ambika, pomwe yatsopano ili m'nyumba, ameneyo angathe kumusiyira thupi lake.

Anandipatsa sizasi. Kundionetsa chidutswa chilichonse, cha kumutu, cha pachifuwa, muyeso wake, chimene chimayamba ndi chimene chimatsiriza. Ndimalakwitsa, iwo kubwereza.

"Gwirani bwino, Iness. Tsiku limenelo Fauzia adzangolira. Odzandisambitsa ndi kundiveka ndinu."

Alitchula. Ndimati tsiku limeneli ndidzavina. Ndakhala pansi kuseri kwa khitchini, sizasi ikadali m'manja.