Chinangwa pa Nsungwi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Lero kwazizira tsiku lonse.

Chipata cha m'malire cha Chiponde n'chotsekabe chifukwa cha mliri. Wailesi ikuti mayiko a chigawo chino agwirizana kuti malole a chakudya azidutsa, koma madalaivala asamatsike.

Masana lole yodzaza chimanga inaima pomwe timagulitsa chinangwa chophika. Dalaivala wake, wa ku Mozambiki, anasuzumira pawindo nati, "Amayi, chiyambire dzana sindinadye." Anzanga ananyamula mabeseni n'kuthawa. Ine ndinamanga chinangwa m'jumbo, n'kumupatsira pa nsungwi yaitali.

Ndili mwana kumsasa wa othawa nkhondo kunagwa kolera, ndipo ankatipatsira chakudya chonchi, ataima patali. Ndinkadana nawo anthu amenewo. Lero nsungwi ndagwira ndine.