Mapu a m'chipinda 12

Lachinayi, 14 Novembala, Middlesbrough

Lero langodutsa, sindinamve kalikonse mumtima. Bambo Dennis a m'chipinda 12 kunyumba yosamalira okalamba amwalira m'mawa, ine ndisanalowe shifiti. Palibe walira, palibe wayambitsa nyimbo. Manijala wangoti chipinda chiyeretsedwe pofika Lolemba, kukubwera wina.

Kale ankagwira ntchito ya nkhalango kumapiri a kumpoto. Pakhoma anamatapo mapu, atajambulapo mzere wofiira wosonyeza modzadutsa linkisi, ngati boma lidzavomere kumubwezeretsa. Ndi chilombo chonga njuzi, cha tiubweya tosongoka kunsonga za makutu, ndipo kuno chinatha kalekale. Ndikamawameta ndevu ankandiuza zomwezomwezo, kuti chimafuna nkhalango yolumikizana, ya agwape ambiri. "Chikondi, msewu umodzi wokha ndi wokwanira kuchipha," ankatero. Ine ndinkangoti eya, maso ali pa wotchi, poti okalamba ena asanu ankandidikira.

Mwana wawo wabwera masana, watenga wailesi ndi zithunzi. Nditamufunsa za mapu, wati ndingotaya m'bini.

Sindinataye. M'basi pobwerera ndawatambasula pamiyendo, ndipo aka n'koyamba kuwayang'anitsitsa. Mzere uja wayenda m'mapiri, wafika pamsewu waukulu n'kuima. Pambali pake analembapo chizindikiro cha funso. Chaka chathunthu ndawameta ndevu, koma sindinawafunsepo kuti chilombocho chikafika pamenepo chidzawoloka bwanji.

Landilodi amaletsa kumata zinthu pakhoma, ndiye mapu ali pansi pa bedi. Mawa ndilowa 7 koloko, ndipo yunifomu sinaume.