Dzina la Pamakatoni

Lolemba, 9 Juni

Ngati wina adzawerenga izi, pepani. Zilembo zanga zili ngati popalasa nkhuku, ndipo mawu ndimalemba momwe ndimawamvera. Sukulu ndinalekeza panjira.

Mwana wanga wamkazi akuti Lamlungu abwera ndi mnyamata wofuna kumukwatira, kuti bambo ake amuone. Ndi wamagetsi, kwawo n'kutali. Ine ndinakumana naye kale kumsika. Waulemu, nsapato zopukuta. Koma mzinda wathu amautchula modula, theka lokha, monga amachitira alendo. Anatero kawiri ndili pomwepo. Abambo akangomva zimenezi, ukwati palibe.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapsereza ndiwo poganiza.

Lachitatu, 11 Juni

Ndawafunsa abambo mozungulira akumeta ndevu pakhonde. Ndati kodi dzina lodula lija linalakwa chiyani? Anaika lumo pansi. Iwotu anagwira ntchito yotsitsa katundu pasiteshoni ya sitima mpaka msana unawakana. Akuti dzinalo linkalembedwa ndi choko pamakatoni ndi pamatumba, olembawo anali anthu osatsika n'komwe m'sitima.

"Ndi dzina la katundu limenelo. Ife ndife katundu?"

Kenaka akuti munthu wodula dzina la malo sakhalitsa, pakamwa pakafulumira miyendo imatsatira. Andifunsa kuti wafunsiranji. Ndati basi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndakadandaula kwa mayi a kusaluni. Akuti, "Achemwali, mukamva munthu akutchula choncho muzimuyang'ana m'manja, amakhala atanyamula chikwama." Ati mwamuna wa mng'ono wawo ankateronso, pano anamusiya ndi ana awiri. Ndapita ndi nkhawa imodzi, ndabwerako ndi ziwiri.

Lachisanu, 13 Juni

Ndamuuza mwana kuti amuphunzitse mnzakeyo. Wangoseka. "Amama inunso! Ifenso pafoni timalemba lomwelo, lalitali limatopetsa zala." Mwana wobadwira muno! Ndamugwira pakamwa, bambo ake anali kuchipinda. Walonjeza kuti amuuza.

Loweruka, 14 Juni

Mutu. Ndachapa makatani ngakhale anali oyera.

Lamlungu, 15 Juni

Mnyamata uja wabwera masana, malaya ositasita, thukuta pamphuno. Poyamba zinayenda. Abambo anamufunsa za makolo ake, iye n'kutchula dzina la mzinda lonse, pang'onopang'ono ngati akuwoloka pamtengo. Ndinapumako.

Zinavuta atayamba kucheza za ntchito. Mnyamata anamasuka, akufotokoza za mawaya oola a m'nyumba zakale, basi lodula lija linangopulumuka. Mwana wanga anayang'ana m'mbale. Ine supuni ili m'malere.

Abambo anapukuta m'manja. "Achimwene, mukuthamangira kuti?"

"Bambo?"

"Dzina mwalisiya panjira. Ndiye ndikufunsa, ulendo ndi wa liti? Mwana wangayu mumunyamula, kapena mumusiya pasiteshoni?"

Mnyamata anati pepani bambo, n'chizolowezi cha kuntchito. Anati sakupita kulikonse, wapeza nyumba kuseri kwa chipatala, ndipo mwezi wamawa akukatenga mayi ake kuti azidzakhala konkuno poti maso awo afooka.

"Mayi anuwo amautchula bwanji mzinda uno?"

"Lonse, bambo. Amawonjezeranso zina zomwe palibe."

Mwana wanga anaseka mpaka kutsamwa. Abambo sanaseke, koma milomo inagwedera, ndinaona. Kenaka anati swichi ya kubafa imaluma munthu akaigwira ndi manja onyowa, kodi angaione? Anapita awiriwiri. Ndimamva abambo akumuuza pogwira, ngati wamagetsi ndi iwo.

Akuti abweranso Lachitatu ndi swichi yatsopano. Za ukwati abambo sananene kuti eya, sananenenso kuti ayi. Ndawafunsa atapita, angoti madzi osamba atentha?