Mungovula Chipewa

Chezi, Dowa
9 Ogasiti 2033

Okondedwa achimwene Kalisto,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mponelako. Ine ndilipo, kungoti nyumba yandikulira. Kalatayi ndapatsira a Alexio oyendetsa minibasi, poti ndi okhawo amaloledwa kudutsa malire a magulu. Mukawerenga muiwotche.

Chichokereni tsiku lija a Bungwe Logawa Anthu anatiyang'ana zikhatho pabwalo la sukulu, inu n'kukuikani m'gulu la Afodya, ine n'kundisiya kwa Amtedza, sindinamveponso mawu anu. Ndimaseka ndikakumbuka. Inu amene munkatsokomola ndi utsi wa zinyalala, lero akuti munabadwira fodya! Koma kuseka wekha sikukoma, ndimangosiyira panjira.

Mwezi watha ndinakuonani pamsika wa Mponela, tsidya lina la chingwe chimene amatilekanitsa nacho. Munavala chipewa chobiriwira cha gulu lanu, mwanenepanso. Maso athu atakumana, inu munayamba kuyang'ana matayala a njinga. Sindikukudandaulani, ndikudziwa kuti wopereka moni tsidya lina amamuchotsa pamzere wolandira chakudya. Komabe ndinalira njira yonse mpaka ku Chezi.

Mtedza wachita bwino chaka chino. Mbuzi yanu ija yaswa awiri. Ndikuzungulirazungulira, achimwene, chifukwa dzanja likukana kulemba.

Amayi anatisiya Lachiwiri lapitali. Ndi chifuwa chomwe chija. M'mawa wa tsikulo anandifunsa kuti, "Faines, kodi Kalisto wafika?" Ine ndinati, "Ali m'njira, amayi." Iwo anati, "Umukazingire mtedza, paja amakonda wopserera." Ndinakazingadi, iwo akumva fungo lake.

Ndinapita kwa woyang'anira gulu lathu kukapempha kuti mubwere kumaliro. Anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu: "Mtsikana iwe, wa fodya alibe mayi kwa Amtedza. Mayi wake ndi gulu lake." Amayi tinawaika kumanda a kumishoni. Akwaya anaimba bwino, koma ataitana ana a malemu kuti aponye dothi, ndinadzuka ndekha. Ndinaponya kawiri.

Dzulo kunali kumeta. Azakhali athu a Anjelina atandimeta mpala anafunsa mwachizolowezi kuti, "Wina ndani?" Kenaka anakumbuka, n'kungopukuta lumo. Pamenepo ndi pomwe umasiye unandilowa m'mafupa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sindikuti mubwere ayi, angakugwireni. Ndikungoti nanunso mumete. Ndikudziwa kuti akakuonani ndi mpala adzafunsa kuti mukulira yani, ndipo chilango chake mukuchidziwa kuposa ine. Koma chipewacho chikubisani. Mukaopa sindikuimbani mlandu. Amayi ankakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndikuvomera, kungoti ndatopa ndi kumangokhulupirira, ndikufuna ndione ndi maso.

Loweruka likubwerali ndidzabwera kudzagulitsa mtedza. Ndidzaima pafupi ndi chingwe, n'kuvula duku ngati ndikulikonza. Inu musadzandipatse moni, musadzamwetulire. Mungovula chipewa ngati mwamva kutentha, ndidziwe kuti amayi anabereka awiri.

Azakhali akupereka moni. Mtedza wanu wopserera uja ndausunga m'botolo, palibe amene waukhudza.

Ndine mlongo wanu,
Faines