Mayina Pansi pa Laimu

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Abwera ndi tepi yawo m'mawa muno. Amuna awiri a zipewa zachikasu, kuyeza Mzere wa Matelala kuyambira sitolo ya kumtunda mpaka pakhonde panga, osapereka ndi moni womwe. Ine Zuwena zaka makumi atatu ndikuyeza anthu pakhonde lino, sindinayezepo munthu ndisanamufunse kuti wadzuka bwanji.

Ndiye kuti ndi zoona. Khalil akugulitsa. Masitolo onse asanu ndi imodzi amene agogo ake anamanga akuti agwetsedwe, pabwere pomwetsera mafuta galimoto. Khalil yemweyu, amene ndinkamubereka kumbuyo mayi ake akapita kuchigayo. Lero ndi bwana wa ku Limbe, foni yanga imangolira osayankha.

Mtima ukundiwawa. Makina angawa ndikawaika pati? Bambo anasokera pano mpaka maso anawathera.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Msonkhano pakhonde. Anthu anabwera ambiri zedi: a kumzikiti, a kutchalitchi, akabaza, ngakhale a Esnat a tomato amene timakangana nawo tsiku ndi tsiku chifukwa cha madzi amene amatayira kutsogolo kwanga. A Dickson, aphunzitsi opuma aja, adzisankha okha kukhala apampando. Palibe anadabwa.

Akuti alembera kale kalata ofesi yoona zinthu zakale. Malo akalowa m'buku lawo kuti ndi a mbiri sagwetsedwa wamba. Vuto ndi lakuti pepala lonena chaka chimene anamanga palibe, chiswe chinadya kalekale. "Koma tisade nkhawa," atero a Dickson, "akangoona ndi maso akhutira."

Tasaina anthu 214. Ena ndi chala.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Chiperoni tsiku lonse. Denga likudonthera pamakina penipeni.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Khalil anadutsa pano pochokera kumzikiti. Ndinali nditakonza mawu kuyambira Lolemba, akuthwa bwino. Koma wawonda mwanayu.

"Achemwali, musandiyang'ane choncho," anatero. "Mitengo ya denga yafumbwa yonse. Likagwera munthu akamangidwe ndani? Ine. Amayi ku Ndunde miyendo ija sakuyenda, onse akuyang'ana ine."

Ndinati bola ukanabwera kudzatiuza pamaso, osati kutitumizira azipewa. Anangowerama. Akuti akasaina ndi ogulawo Lolemba pa 19.

Ndinamupatsa tiyi. Mawu anga akuthwa aja ndatsala nawo.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ayankha! Mlendo wa ku ofesi ija abwera Lachiwiri. A Dickson akungoyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. "Mlendo asatipeze ngati anthu osasamala malo awo. Tikonze!" Tonse tavomera. Nanga mlendo akamabwera susesa, suzira? Tinakula choncho.

Lolemba, 12 Ogasiti

Msana! Kuyambira dzulo masana tikupaka laimu. Akabaza anatunga madzi, amayi anasesa mpaka kumsewu, a Dickson anapaka ngakhale miyala ndi tsinde la mtengo wa mango.

Khoma langa ndiye linali lochititsa manyazi. Bambo analibe buku la miyezo. Mwana akabwera kudzasoketsa yunifolomu ankamuimika kukhoma n'kukanda mzere ndi nsonga ya sizasi, pamutu, paphewa ndi m'chiuno, pambali dzina ndi chaka. Anatengera kwa Che Sharif, telala amene anamupeza pano. Inenso ndinkatero mpaka nditagula kope. Ndiye penti yobiriwira ya pakhomalo inali zokandakanda zokhazokha, zakuda bii ndi manja a anthu, moti mayina ambiri sankawerengeka. Ndinati mlendo adzati ndife auve.

Ndapaka ndekha, kawiri. Lawala mbee! Mzere wonse ukuoneka ngati wamangidwa dzulo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Timadikira galimoto, koma anatsika pa kabaza. Mtsikana, chikwama kumsana, dzina lake Jessica. Amayi anayamba nyimbo yolandirira alendo, iye akungoyang'ana masitolo, kenako foni yake, kenako masitolo.

"Pepani, ndi pano?"

A Dickson anati ndi pomwe pano madamu, takonzera inu.

Anatisonyeza chithunzi. Kani Linda, mwana wa a Dickson, potumiza kalata ija anaikapo zithunzi, ndipo chimodzi chinagwira ngodya ya khoma langa. Chosaoneka bwino, koma mizere ikuoneka.

"Ine ndabwerera khoma ili. Lili kuti?"

Ndinati ndi limene mwatsamiralo. Anadumpha, msana wonse woyera.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, "Amayi, nyumba zakale zilipo zambiri, ndipo zambiri zimagwa chifukwa palibe chonena zaka zake. Koma khoma lolembedwa ana a dera lonse, chaka ndi chaka, sindinalionepo. Apa ndikuona ngati 1951. Ndikanaliona ndi maso, lipoti langa likanakhala ndi poimira. Panopa ndikalemba kuti ndaona chiyani? Laimu?"

A Dickson anakhala pabenchi n'kuvula magalasi. Sindingawanene. Burashi inali m'manja mwanga.

Akuti abweranso Lachisanu, ulendo womaliza tsiku losaina lisanafike. Pokwera kabaza anati, "Osakanda ndi mpeni. Madzi, nsanza yofewa ndi kuleza mtima. Mwina."

Nkhuku imene tinamuphera tadya tokha, mwakachetechete.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Chigalimoto chogwetsera nyumba chafika, achiimika kuseri kwa msika. Ana akuchizungulira.

M'mawa wonse sindinavundukule makina. Ndalira ngati bambo amwalira lero. Dzanja lawo linali pakhomapo zaka zonsezi, ine n'kulikwirira ndekha chifukwa choopa kusekedwa.

Masana ndinatenga beseni ndi nsanza ya yunifolomu. Ndinayamba pangodya. Kunyowetsa, kudikira, kupukuta. Laimu sagwira bwino pa penti ya mafuta, amachoka pang'onopang'ono. Ndipo taonani! Pamwamba wachoka, koma m'mizere yokandidwa ija watsaliramo. Mayina amene anali akuda osawerengeka atuluka oyera pakhoma lobiriwira.

Loyamba: Esnat 1968.

Ndinakuwa kuti a Esnat, tabwerani! Anabwera atakunga nkhope, akuganiza kuti ndi za madzi aja. Anayang'ana, anagwada, anaika chala pamzere wa pamutu. Ukuwalekeza m'chiuno.

"Ineyo? Kamwana aka?" Anaseka mpaka misozi. Akuti tsiku limenelo anayenda wapansi ndi bambo awo kuchokera ku Mbombwe, ndipo bambo anga anawauza kuti aime mowongoka ngati msilikali. Tomato anamuiwala padzuwa, tapukuta limodzi mpaka nthawi ya pemphero la asara kumzikiti.

Tamaliza malo okwana nsalu imodzi. Khomalo ndi lalitali.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndani anafalitsa sindikudziwa, koma ndikamafika ndinapeza anthu ali kale pakhonde, aliyense ndi kansanza kake. Wapolisi wopuma, anamwino awiri asanalowe ntchito, shehe wathu, m'busa wa ku Mbombwe. Aliyense akufuna lake. Ndinachita kuwaika pamzere ngati kuchipatala, asanu asanu, n'kumawakalipira akapukuta mwamphamvu. A Dickson ali pabenchi ndi kope, kulemba dzina lililonse likatuluka. Lawo analipeza, 1959, koma akukana kuti sanali aafupi choncho.

1951 uja watuluka cha m'ma leveni. Dzanja la Che Sharif.

Masana Khalil anatulukira ndi azipewa aja, akuti adzawasonyeze poyambira. Anthu ena anayamba kung'ung'udza, koma nditawayang'ana anasiya. Khalil anaima kumapeto kwa khonde nthawi yaitali, akuwerenga. Azipewa anatopa n'kupita kukafuna chipisi.

Kenako anasendera, n'kufunsa motsitsa mawu, "Achemwali, ine ndilipo?"

Ndimadziwa pamene ali. Ndinamugwira mutu ndine tsiku limenelo, chifukwa ankalira kuopa sizasi. Pansi, pafupi ndi chitseko, pamene tinali tisanafike. Ndinamupatsa nsanza yanga.

Anavula wotchi, anapinda malaya, anagwada m'madzi a laimu ndi thalauza lake labwino lija. Anapukuta mofulumira, ndinati pang'onopang'ono iwe. Khalil 1989. Anaseka. Atapukuta chakumanja kunatuluka mzere wina, wotsikirapo pang'ono, ndi chilembo A. Anapitiriza. Abdulkarim 1957. Malemu bambo ake. Bambo anga anachita dala kumuimika pambali pawo, ine ndinali nditaiwala.

Anaika chala chimodzi pamzere wake, china pa wa bambo ake, n'kukhala choncho.

Foni inalira m'thumba mwake. Inalira mpaka inasiya yokha. Itayambanso, anandipempha nsanza ina.