Mano Anga Ali m'Bokosi la Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Mayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ulendo watha munati unatupa mpaka nsapato kukana kulowa. Ine kuno ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Mwina mukudabwa kuti munthu amene sakuyankha foni miyezi iwiri yathunthu walemba kalata ngati wakalekale. Foni ndimaiona ikuitana, dzina lanu likuwala, ine n'kumangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Si mwano ayi. Mawu anga asintha, ndipo mukanangomva moni wanga mukanadziwa kuti kwagwa kanthu. Inu misozi ili pafupi, ndipo mukayamba kulira Mayi amamva ngakhale ali kuseri kwa nyumba.

Nkhani ndi yakuti mano anga anayi akutsogolo, a m'mwamba, kulibe. Linali Lachiwiri m'mawa, tikupita kukayeserera nyimbo m'chipinda chapansi pa hotela imene timaimbako. Masitepe ake ndi asimenti, ndipo anali atangowakolopa kumene. Ine monga mwa masiku onse ndinali ndi katundu wanga yense: sakisofoni kudzanja lamanja, kilaneti kumanzere, chitoliro m'khwapa. Phazi litaterereka, munthu wanzeru akanataya katundu n'kutsogoza manja. Ine ndinakweza mabokosi m'mwamba ngati ndanyamula mwana powoloka mtsinje, n'kutsogoza nkhope. Zida zonse zitatu zinapulumuka, palibe ngakhale chimodzi chinakalika.

Woimba ng'oma ndi amene anatola mano awiri n'kuwakulunga m'kampango. Enawo anamaliza ndi adokotala kuchipatala, akuti anali atasweka mpaka kumizu. Ali mkati mosoka anandifunsa chifukwa chimene sindinadzitchinjirize ndi manja. Thonje limene linali m'kamwa linandipulumutsa, chifukwa yankho lake ndi lochititsa manyazi kwa munthu wamkulu.

Achemwali, ntchito yangayi simunaionepo ndi maso, ndiye lekani ndikufotokozereni pang'ono. Nditafika kuno ndinkadziwa kilaneti yokha, ndipo palibe bandi ya jazi imene inkafuna munthu wa kilaneti yekha. Ndinaphunzira sakisofoni pa yobwereka, yodontha mpweya, yomanga ndi timphira. Chitoliro ndinachiyamba abwana a bandi atanena kuti pabwalo pawo palibe malo a anthu atatu oimba zouzira, akufuna mmodzi wokhala ndi mapapo a anthu atatu. Munthu ameneyo ndinakhala ine, ndipo ndakhala ine zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kutsogolo kwanga kumaima kachitsulo ka zikhomo zitatu, chida chilichonse pa chikhomo chake. Pali nyimbo imene ndimayamba ndi chitoliro, woimba piyano akangotenga mizere iwiri ndakhazika chitoliro, ndanyamula kilaneti, ndanyambita kabango kake kotulutsa mawu, ndalowa. Pomaliza ndili pa sakisofoni. Anthu amawomba m'manja poganiza kuti luso lili m'zala, koma luso lenileni lili m'kamwa. Chida chilichonse chimafuna milomo yake ndi kalumidwe kake, ndipo kamwa liyenera kuiwala china n'kukumbukira china m'kanthawi kongomezera malovu.

Ndi luso limeneli ndaimba m'mahotela, pa maukwati a anthu olemera, pa wailesi, ndi pa sitima zapamadzi zonyamula alendo. Anzanga a chida chimodzi ankakhala miyezi osaitanidwa, ine foni osapuma. Ndinkawaseka kuti akuti mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndili ndi atatu ndipo sindinanyowepo. Sindinkaganiza kuti mapanga atatu onsewo khomo lake ndi limodzi.

Chilonda chitapola anandiikira mano ochita kupanga. Ndi okongola, oyera, ondondozana bwino ngati a pa chikwangwani cha mankhwala otsukira m'kamwa. Mukanandiona simukanandizindikira. Dzino lija lokwera pa linzake, limene munandipatsira dzina loti Kadzino ndili mwana, palibenso. Mayi amene ndimachita lendi kwawo akuti tsopano ndingapeze mkazi. Kudya ndikudya, kuseka ndikhoza kuseka nditafuna. Kuimba ndiye kwakanika.

Pa sakisofoni ndi kilaneti mano a m'mwamba amakhala pa kamlomo, kachidutswa kakuda kolowa m'kamwa kaja. Zaka zonsezi kamlomo kankakhala pa dzino lopotokalo, kopendekeka pang'ono kumanzere, ndipo milomo, lilime ndi nsagwada zinakula mozungulira kupendekekako. Tsopano zonse zawongoka, ndipo mpweya ukuthawira m'mbali. Mawu apansi akutuluka ngati a munthu wachimfine. Ndikakwera m'mwamba kilaneti imalira ngati chitseko chosowa mafuta. Ngakhale chitoliro, chimene sichilumidwa, chandikana, chifukwa mlomo wa m'mwamba sukukhalanso pamene unkakhala.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kupita kokayeserera. Tinayamba nyimbo imene ndaiimba kambirimbiri, yoti ndikhoza kuiimba ndili m'tulo. Pofika pakati woimba piyano anasiya, n'kuyamba kufunafuna china chake m'mapepala ake. Wa ng'oma anaweramira pansi ngati wataya ndodo. Palibe anaseka, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri, chifukwa m'bandi mwathu munthu ukalakwitsa amakuseka mpaka mawa. Akasiya kukuseka ndiye kuti ayamba kukulira.

Abwana anandiitanira pakhonde. Si munthu woipa, anabwera kuchipatala kawiri. Anati bandi ikukwera sitima pakatha masabata asanu, ulendo wa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo eni sitima akufuna mayina. Anati pampando panga pakhala kaye bambo wina amene ankaimba m'bandi ya asilikali, amene amadziwa sakisofoni ndi chitoliro, kilaneti akuphunzira. Anati akadzandimva ndikuimba ngati kale isanathe milungu inayi, dzina langa lidzapita. Apo ayi, ndisadzawaone ngati mfiti. Ndinawathokoza, chifukwa ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, Achemwali. Bandi ikachoka popanda ine, pobwera idzakhala itazolowera munthu wina. Kuno kulibe amene amalemba woimba wa msinkhu wanga kuti ayambirenso. Ndipo ntchito ina sindiidziwa, inu mukudziwa pamene ndinasiyira sukulu.

Masiku ano ndimadzuka m'mawa, kuthira madzi m'kapu, n'kuviika timabango ta sakisofoni ndi kilaneti monga ndachitira moyo wanga wonse. Ndimakumbukira kuti sindikuimbanso kapu ili kale patebulo. Kenako ndimatsegula mabokosi, kupukuta zida zimene sizinade, n'kutsekanso. Mwana wa oyandikana nawo nyumba, amene mayi ake ankadandaula za phokoso langa, anandifunsa pampopi ngati ndinagulitsa malipenga. Ndili ndi mantha, ndipo sindinauze wina aliyense mawu amenewa kupatula inu.

Pali kachiyembekezo kamodzi, kakang'ono. Amene amaumba manowa si adokotala, ndi mayi wina wachikulire amene ali ndi kachipinda kuseri kwa chipatala, kodzaza nsagwada zachoko m'mashelefu. Nditamufotokozera vuto langa anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati anthu onse amabwera kudzapempha mano owongoka, ine ndine woyamba kupempha opotoka. Anati akhoza kuyesa kuumba ofanana ndi akale, koma sangalote, akufuna poonera.

Mano amene anatoledwa aja anatayidwa kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinamupititsira zithunzi zonse zimene ndili nazo. Pa china ndili ndi sakisofoni m'kamwa, pa china ndatseka pakamwa ngati ndili pamaliro. Zaka zonsezi sindinasekepo pa chithunzi chifukwa chobisa dzino lomwelo. Mayiyo anaziyang'ana chimodzichimodzi n'kupukusa mutu.

Kenako anafunsa ngati ndili ndi chinthu cholimba chimene ndinachiluma nthawi yaitali. Ndinathamangira kunyumba kukatenga timilomo tanga tonse. Koma kuno ndinaphunzira kumata kamphira pamwamba pa kamlomo kuti mano asakumbe, ndipo kamphirako ndimasintha mwezi ndi mwezi. Tonse tinali tosalala ngati tatsopano. Kusamala zinthu kwandipweteka kachiwiri.

Ndili m'basi pobwerera m'pamene ndinakumbukira. Kilaneti yanga yoyamba, ija anandipatsa aphunzitsi a bandi ya kusukulu atapuma ntchito. Ndinaiimba zaka zisanu ndi ziwiri popanda kamphira, sindinkadziwa n'komwe kuti kuli zotero. Mano anga anakumba timaenje tiwiri pa kamlomo kake, ndipo aphunzitsi ankandinena kuti ndimaluma ngati galu. Nditamuuza mayi woumba mano, anati timaenjeto tikhoza kumuonetsa mmene mano anakhalira, kutalikirana kwake ndi kupendekeka kwake. Sanalonjeze kanthu. Anati tiyese.

Inu mukudziwa kumene kilaneti imeneyo ili. Munalipo tsiku limene zotsatira za mayeso zinabwera, Bambo ataitenga m'manja mwanga osakweza mawu, kuiika m'bokosi lawo lachitsulo, pansi pa jekete, n'kukhoma loko. Anati mano anandipatsa ndi odyera, osati olumira ndodo, ndipo idzatuluka tsiku limene ndidzabweretse satifiketi. Ine ndinachoka patatha sabata, satifiketi sindinaibweretse mpaka lero.

Mukudziwanso kuti Bambo atamwalira sindinabwere. Ndinali pakati pa nyanja, uthenga unandipeza patatha masiku anayi. Zimenezo ndi zoona. Koma ndi zoonanso kuti munandilembera kawiri kuti akudwala sitima isananyamuke, ine n'kukwerabe. Ndinkati ndidzawaona pobwera, ndili ndi mphatso m'manja ndi nkhani zokoma. Mayi sanandilankhule kuyambira pamenepo, ndipo sindiwadandaula. Munandiuza kuti kiyi wa bokosilo amamuvala m'khosi pa chingwe, ndipo bokosi silinatsegulidwe chichokereni Bambo.

Pempho langa ndi limeneli, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Mukawapemphe Mayi atsegule bokosi. Kilaneti yonse sindikuifuna, ikhale pamene Bambo anaiika. Ndikungofuna kachidutswa kakuda ka kumapeto, kamene kali ndi chitsulo chozungulira cha timasikuluwu tiwiri. Mukakapotoza pang'ono kamazuka. Mukakulunge m'nsalu, muike m'kachitini, mutumize pa basi mwamsanga mmene mungathere, chifukwa mayi uja akufuna masabata awiri oumbira.

Musawanamize Mayi, musatenge kiyi akugona. Muwawerengere kalatayi yonse, ndi ndime ya sitima yomwe. Ndinaganiza zobwera ndekha, koma sindikufuna kuti tsiku loyamba kuonekera pakhomo pawo patatha zaka zonsezi likhale lodzatenga kanthu. Ngati angalole kundiona, ndidzabwera chimanjamanja kudzakhala pansi, kaya bandi yanditenga kaya yandisiya. Akakana kutsegula, musawakakamize. Bokosi ndi la amuna awo, ndipo ine ndi amene ndinalephera kubwera kudzanyamula maliro.

Chinthu chimodzi chokha, Achemwali, ndipo apa ndagwira mwendo wanu. Ndimakudziwani, simungatumize chinthu chakuda kwa munthu. Mudzakaona kamlomoko kali kotuwa, kokalikakalika, ndipo dzanja lidzakuyabwani. Musakakweche ndi mchenga kapena waya wotsukira mapoto, musakaviike m'madzi otentha, ndipo alamu asayese kukasalaza ndi tupa wawo. Zokalikazo ndi zimene ndikufuna.

Mukakatulutsa, muyendetse chala pamwamba pake. Mudzamva timaenje tiwiri, kena kozama ndi kopendekeka. Dzino lija munkandiseka nalo latsala pamenepo pokha padziko lonse. Kilanetiyo ndikanachoka nayo, bwenzi nditaigulitsa kalekale chaka choyamba cha njala kuno. Bambo anaitsekera kuti ndisiye kuimba, ndipo ndi iwo okha amene anandisungira kamwa langa. Ndikanakonda kuwauza zimenezi, koma ndinakwera sitima.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti wailesi ija anandipempha sindinaiwale. Moni kwa adzukulu anga onse, makamaka wamkulu amene akulemba mayeso chaka chino, mumuuze kuti amalume ake akuti alimbikire, ndipo akunena akudziwa. Moni kwa azakhali ndi kwa amalume aang'ono. Kwa Mayi sindikudziwa ngati moni wanga angalandiridwe, koma mumupereke ndithu, ndipo muwauze kuti mwendowo apite nawo kuchipatala.

Ndidzakhala ndikupita kokwerera basi m'mawa uliwonse kuyambira Lolemba. Kukapanda kubwera kanthu ndidzamva, simudzafunika kundifotokozera.

Ndine mlongo wanu,

Kadzino