Malowolo a Njinga Yofiira

Lolemba, 14 Julaye

Lero ndagulitsa kapalasa wanga. Basi, za kabaza wopalasa ndathana nazo. Agula ndi bambo ena a ku Manjawira. Ndawauza kuti njingayi inakwerapo chitunda cha ku Nzama itanyamula mayi wodwala, thumba la feteleza ndi nkhumba yamoyo, ine osatsika. Akhulupirira za nkhumba zokha.

Pa siteji ndalengeza ndili chiimire pa benchi: Loweruka ine Yoramu ndikubwera pa njinga yamoto, yatsopano, yofiira ija ili mu shopu ya Mayi Christobel. Fyson, mnzanga wopalasa naye, akuifunanso yomweyo. Akuti, "Iwe ukagula, ine ndidya chishalo changa." Ndamuuza ayambe kuchiviika m'madzi chifewe.

Ndalama zilipo: za kapalasa, za chipereganyu, ndi za mbatatesi ya mkazi wanga Lufina. Lufina wapereka zake akundiyang'ana ngati nesi.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ndinavala jekete ya ukwati. Ndinalowa mu shopu ngati mwini M1 yense. Ndinati, "Mayi, ndalama si vuto, ndionetseni yofiira." Ndinaikwera, kuisisita, kudziyang'ana pa galasi lake. Ndinanenanso kuti kapalasa ndagulitsa kale, ndipo Boma yonse ikudikira Loweruka.

Atatchula mtengo, makutu analira. Wakwera. Akuti dola. Dolayo sindinamuonepo koma amandidziwa ndithu. Zanga zaperewera, pokwana mbuzi zinayi zonenepa.

Ndinati tsitsaniko pang'ono. A Christobel anaseka mpaka dzino lagolide kuoneka. "Si inu mwati ndalama si vuto, achimwene? Ndiye vuto ndi chiyani?"

Lufina nditamufotokozera sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munawauzanso kuti kapalasa mulibe?" Ndinati mwina. Anatuluka kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachitatu, 16 Julaye

Njinga ndilibe, ntchito ndilibe. Ndayenda wapansi ngati mlendo. Fyson wandiimbira belu kumbuyo: "Kabaza, bwana? Kapena yanu ikubwera pa ndege?" Akuti iye ndalama zake zikwana kumapeto kwa mwezi.

Ufa m'nyumba watsala wa m'munsi mwa ndowa. Izi sindiuza munthu.

Lachinayi, 17 Julaye

Lufina wandituma ku Nzama kwa amalume a Goliati. Dzina lalikulu, munthu wake ngati botolo la mankhwala. Anagwira ku migodi ya ku Joni, ndipo kwathu kuno palibe ukwati umene umamangidwa iwo osakhala nkhoswe. Pa malowolo anga anatsitsa ng'ombe yathunthu, apongozi mpaka kuwathokoza.

Ndawapeza akuwothera dzuwa atavala chikhoti chawo cha ku mgodi. Amva nkhani yonse maso ali chitsinzinire.

"Unaitama pamaso pa mwini wake?"

"Pang'ono."

"Hayikona! Mkamwini amatama mbeta pa bwalo? Mawa tikafunsira mthuthuthu wakowo mwa mwambo. Koma mkamwini salankhula. Ukangotsegula pakamwa, ine ndatenga chipewa changa."

Ine kukhala chete! Ine amene ndinabadwa ndikupereka moni kwa azamba! Ndavomera.

Lachisanu, 18 Julaye

Tsiku ili ana anga adzaliphunzira kusukulu.

Pa msika amalume anandigulira nzimbe yaitali ngati mlongoti. "Mawu akafika pakhosi, luma."

Pa shopu sanalowe. Ananjuta pakhomo, chipewa pa bondo, kuwomba m'manja. "Zikomo eni mudzi! Odi kuno!" Anthu ogula mapulagi ndi oyilo anacheuka. Mpando anaukana. Ine anandikhazika kumbuyo kwawo pa tayala lakutha, mutu pansi.

"Mayi, mwana wathuyu anadutsa pano n'kuona namwali wofiira m'nyumba mwanu. Chionereni sakudya, sakugona. Tabwera kudzafunsira."

A Christobel anayang'ana ine, anayang'ana nzimbe, anaika foni pansi. Nawonso ndi a konkuno, mwambo amaudziwa. Anakonza chitenje n'kuti, "Takulandirani. Koma mwana wanga ndi wa sukulu, wachokera kutsidya kwa nyanja. Sanagwidwepo ndi munthu, kupatula mkamwini wanuyo, amene anamukwera popanda odi."

Shopu yonse kuseka. Ine kuluma nzimbe.

Amalume anaizungulira njinga ngati akuona ng'ombe pa dibi. Anagogoda thanki. "Mwanayu amamwa tsiku lililonse, eti? Ndipo chakumwa chake n'cha pa mzere, mpaka kugonera pa filing'i." Anaona kumbuyo. "Dzina alibe, nambala tikamudulire tokha. Chipewa alibe. Mukutipatsa mwana wosavala, mayi, pa mtengo wa mwana wa mfumu?"

A Christobel anachotsa mbuzi imodzi. Amalume anayamba nkhani ya ku Joni, ya mzungu wina wa mgodi amene ankaopa abuluzi. Yosakhudzana n'komwe. Itatha, mbuzi yachiwiri inagwa, ndikuganiza pofuna kuti asayambe ina.

Pamenepo mayi anauma. "Apa ndafika pa fupa, bambo. Kumapeto kwa mwezi kukubwera wina wofunsira." Fyson ameneyo!

Amalume anavala chipewa. "Tiye mphwanga. Ku Balaka kulinso anamwali."

Balaka yake iti, ya thiransipoti tilibe! Mawu anadzaza m'kamwa: mayi ndikongozeni, ndidzakulimirani, tengani jekete. Ndinaluma nzimbe pa mfundo penipeni mpaka dzino kugwedera. Misozi mbwee. Koma chete. Ndinadzuka n'kuwatsata.

Tili pa khonde, mayi anati, "Koma ndiye mwamuchita chiyani munthuyu? Lachiwiri anandilankhula mpaka mutu."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwaiona nokha ntchito yake. Ng'ombe tilibe, koma tili ndi pakamwa apa. Uyu akatsokomola pa Boma, ku Tsangano amati pepani. Anyamata onse a pa siteji akusunga ndalama za yamoto. Mukufuna azikamva kuti namwali wabwino amachokera nyumba iti? Tikulowola ndi wailesi, mayi. Yosafuna mabatire."

A Christobel anavomera, koma anati mwana akadwala azibwera naye kwawo, oyilo ndi sipeya azigula pompano, ndipo dzina la shopu lilembedwe kumbuyo kwa chishalo. Amalume anati ndiwo ukwati umenewo, chibale sichithera pa tsiku la malowolo. Mbuzi zonse zinayi zinagona. Amalume anapemphanso kuti mkwatibwi asatuluke wopanda mpango kumutu. Helimeti inabwera, ya basela!

Atandipatsa makiyi, mayi anati, "Mkamwini, lankhulani tsopano."

Ndinatsegula pakamwa. Munatuluka makoko a nzimbe okhaokha.

Loweruka, 19 Julaye

Lufina anaizungulira njingayo kawiri n'kuti, "Takulandirani, mkazi mnzanga. Koma muzibweretsa ufa, m'nyumba muno sitidya hutala." Kenako anakwera. Ndinamufikitsa ku msika atakhala chammbali ngati mkazi wa nduna, misozi ikulengeza, akunamizira kuti fumbi ndi limene lamulowa m'maso.

Pa siteji ndinafika ndi hutala kuyambira pa chipatala. Inazima kamodzi pa hampu, koma palibe anaona, kupatula anthu onse. Ndinakwera pa benchi ndi kuyamba kulipira malowolo: ndinawauza kuti yofiirayi imanunkhiza petulo basi n'kufika ku Dedza, ndipo a Christobel ndi apongozi a dziko lonse. Fyson ndinamupatsa mchere wa m'kapepala woti athire pa chishalo.

Sanaseke kwambiri. Anthu atabalalika anandikokera kuseri kwa minibasi, mawu pansipansi.

"Aise, amalume ako aja... kumapeto kwa mwezi ali ndi nthawi?"

Ndinati ndikafunsa, koma nzimbe akagule yekha, ziwiri, poti pakamwa pake n'pachabe.

Pobwerera ndinapeza pa chishalo pakhala kale munthu, chikhoti cha ku mgodi, helimeti yanga ili kumutu mpaka m'mapewa. Kasitomala wanga woyamba.

"Ku Nzama, mphwanga. Nkhoswe salipira."